Bokosi Siliitana Munthu

Pa boma lina, kumunsi kwa chipatala, panali mayi wina wokhoma mabokosi a maliro. Dzina lake anali Nakwenda. Musakwinye nkhope. Ntchito imeneyi mumaiyang'anira kumbali mukamadutsa pamsewu, koma tsiku likakwana mumaifuna chothamanga, ndipo mumafuna thabwa lake likhale losalala bwino.

Shopuyo inali ya mwamuna wake. Mwamunayo atamwalira, abale ankayembekeza kuti mayiyo agulitsa zipangizo n'kubwerera kwawo. Iye sanagulitse ngakhale msomali. Anamanga chitenje m'chiuno n'kuphunzira kuyeza, kucheka ndi kupala matabwa, mpaka amisiri amene ankamuseka kumbali anayamba kumufunsa nzeru. Mng'ono wa malemu mwamuna wake, Yotamu, anatsala naye pa ntchitoyo. Yotamu anali munthu wachangu, wodziwa kulankhula ndi anthu, koma kudikira sankakudziwa.

Tsono ntchito ya mabokosi ili ndi mwambo wake, ndipo amene sanaigwirepo sangaudziwe. Wogulitsa tomato amaitana munthu ali patali, amvekere, "Bwerani kuno amayi, ndikuikirani basela." Wogulitsa nsapato amatsanzika ndi mawu akuti, "Mudzabwerenso." Wa mabokosi sanena zimenezo. Saitana munthu pamsewu. Safunsa kuti odwala kwanu adzuka bwanji. Sapita kukazonda matenda kuchipatala, chifukwa akangoponda m'wodi anthu amati wabwera kudzayeza. Munthu akalowa pageti pake, iye amaimirira n'kunena kuti, "Pepani." Munthuyo akamatuluka samuuza kuti adzabwerenso, ndipo basela kulibe. Malemu mwamuna wa Nakwenda ankaumanga mwambo wonsewu m'mawu ochepa: bokosi siliitana munthu.

Mwambo umenewu si ulemu wokha ayi. Ndi mpanda wotchinjiriza mwini shopu. Tonse tikudziwa zimene anthu amanong'onezana za munthu amene amadya chifukwa ena afa. Amati anakhwimira bizinesi. Amati maliro akachepa amapita kukaonana ndi sing'anga. Ndiye akakhala mkazi, wamasiye, ntchito n'kumamuyendera bwino, manong'onong'owo amanenepa msanga. Nakwenda ankazidziwa zimenezi, n'chifukwa chake mwambowo ankausunga kuposa amuna onse okhoma mabokosi mumsewu umenewo.

Kenaka kunabwera nzeru za makina zija zadzaza m'mafoni masiku ano, zimene umangoziuza chimene ukufuna, izo n'kukulembera, kukujambulira ndi kukuyankhira anthu ngati pali munthu m'katimo. Amene anazibweretsa pashopupo ndi Yotamu. Amisiri anazipatsa dzina loti Kalaliki, poti zinkagwira ntchito ya kalaliki koma osapempha tiyi.

Eni mashopu ena mumsewumo anapukusa mitu. Anati zimenezo n'zausatana, munthu wopemphera sangazikhudze. Nakwenda anawayang'ana n'kuseka.

"Sowo yamagetsi itabwera munatinso n'zausatana," anatero. "Lero pakati panupa ndani akuchekabe ndi manja?"

Ndipo ndisakunamizeni, Kalaliki ankagwira ntchito. Anamfedwa ankabwera mitu itasokonekera, uyu akunena chaka chimene malemu anabadwa, uyo akutsutsa, wina akungolira. Kalaliki ankasanja zonsezo n'kutulutsa mbiri ya malemu ndi ndondomeko ya mwambo wa maliro anthuwo asanamalize kumwa madzi. Abale a ku Joni akafuna kutumiza thupi kumudzi, ankafunsa mafunso awo m'Chingerezi cholimba, Kalaliki n'kumawayankha mosachita chibwibwi. Banja likafuna chiliza, iye ankachijambula kaye kuti achione, akangane, agwirizane, simenti isanapondedwe. Anawaonetsanso amisiri kadulidwe ka thabwa koti zidutswa zisamatayike zambiri. Ntchito inakula. Nakwenda analemba amisiri ena, ndipo mabanja amene kale ankagona ndi njala anayamba kudyera pageti limenelo.

Koma mayiyu anaika lamulo limodzi: mawu alionse asanatuluke pageti, adutse kaye m'maso mwake. Lamuloli silinachokere m'mutu chabe. Tsiku lina Kalaliki, polemba mbiri ya mkulu wina, anaonjezeramo yekha kuti malemuwo anali mkulu wa mpingo wokhulupirika. Munthu woti kutchalitchi ankangodutsako popita kumowa! Nakwenda anafufuta mzerewo akuseka mpaka misozi, koma phunziro analitenga. Anaona kuti Kalaliki sadziwa kunena kuti sindikudziwa. Akapeza mpata wopanda kanthu amaudzaza ndi chilichonse chooneka bwino, ndipo bodza lake limatuluka litavala taye.

Yotamu lamulo limeneli linkamunyansa.

"Alamu," ankatero, "mwagula njinga yamoto koma mukuikankha. Chinthuchi chimatha kutumiza mauthenga chokha. Anzathu m'tauni akugona, makina akuwagulitsira."

"Anzako a m'tauniwo amagulitsa sopo," Nakwenda ankayankha. "Ife msewu wathu ndi wa kumanda. Kumanda sitithamangitsa njinga."

Itafika nyengo ina, maliro anachepa. Kwa anthu onse pabomapo inali nkhani yabwino. Kwa Yotamu inali njala. Ankayendayenda m'shopumo n'kumayang'ana mabokosi atasanjikizana mpaka kudenga, fumbi likuwatera. Masiku omwewo Nakwenda ananyamuka ulendo wokagula matabwa kumapiri, kumene foni siigwira bwino. Makiyi ndi foni ya pashopu anasiyira mlamu wake, poti ankamukhulupirira.

Lole isanafike n'komwe kumapiriko, Yotamu anakhala pampando wa alamu ake n'kumulamula Kalaliki.

"Tipezere makasitomala. Chita monga amachitira mashopu akuluakulu. Manambala a onse amene anagulapo pano ndi awa, ndi zimene anagula. Usandifunse kanthu, ungolemba n'kutumiza."

Atatero anapita kukameta tsitsi, mtima uli mbee. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, koma Yotamu mwambi umenewu ankauona ngati wa alimi okha.

Tsono Kalaliki anali wanzeru, koma analibe kwawo. Sanakhalepo pa siwa. Sanamvepo kulemera kwa bokosi paphewa, ngakhale kumva mmene dothi loyamba limalirira likagwera pathabwa. Malonda anawaphunzira kwa ogulitsa shuga, nsapato ndi mafoni, ndipo kumeneko anaphunzira kuti kasitomala wakale umamuitana ndi dzina lake, umamukumbutsa zimene anagula, n'kumunyengerera ndi kenakake kaulere. Anachita chimodzimodzi, mwaluso ndithu, ndipo mauthenga anauluka kupita kwa anthu onse.

Mmodzi mwa anthuwo anali a Mangulenje, bambo wofatsa woyendetsa kabaza. Miyezi ingapo m'mbuyomo anali ataika akazi awo m'bokosi la kwa Nakwenda. Anatsala ndi mwana mmodzi yekha, kamtsikana kotchedwa Mwandida. Tsiku limenelo Mwandida anali gone m'wodi ya ana, malungo atamugwira koopsa, diripi ili pamkono. Bambo ake anali atakhala pansi pambali pa bedi, akumuingitsa ntchentche. Foni inalira m'thumba. Anaganiza kuti ndi achibale akufunsa za matenda, ndipo anaitulutsa n'kuwerenga:

"Moni a Mangulenje, kasitomala wathu wokondedwa! Takusowanitu! Tikukhulupirira kuti munasangalala ndi bokosi limene munagulira akazi anu. Mwezi uno tili ndi nkhani yabwino kwa inu makasitomala akale: bokosi la mwana tikupereka laulere, ngati basela. Fulumirani, atsala ochepa!"

M'munsi mwake munali chithunzi chimene Kalaliki anajambula yekha: kabokosi koyera, konyezimira, maluwa atakazungulira.

A Mangulenje anayang'ana chithunzicho, n'kuyang'ana mwana wawo. Sanalire. Anangowerenga uthengawo mobwerezabwereza, mpaka mayi wina wodikirira matenda pabedi loyandikana anawalanda foniyo kuti aone chavuta n'chiyani. Mayiyo atawerenga anakuwa. Foni inayenda dzanja ndi dzanja m'wodi monse, inatuluka panja, inafika pa siteji ya akabaza, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo msika wonse unali utamva kuti Nakwenda waitana mwana wa Mangulenje mwanayo akadali moyo.

Tsiku lomwelo chakumadzulo Nakwenda anatulukira ndi lole yake ya matabwa. Anapeza msewu watsekeka ndi anthu: akabaza, amayi a mumsika, odikirira matenda, ena miyala ili m'manja. Wina anali atanyamula chigubu cha petulo. Amisiri anali atathawa kalekale. Yotamu yekha ndi amene anali m'kati mwa geti, atakwera pabenchi, akukuwa mawu atasasa.

"Si ife, abale anga! Ndi makina! Amalemba okha, amatumiza okha, ife sitinaone n'komwe!"

Iye ankayesa kuti akuzima moto, koma ankausonkhezera. Mayi wina wogulitsa usipa anatembenukira khamulo, manja ali m'chiuno.

"Mwamva? Waulula yekha! Ali ndi chinthu m'nyumbamo, chosadya, chosagona, chogwira ntchito usana ndi usiku, chodziwa mayina athu ndi a akufa athu. Kwathu chimenecho timachitcha chiyani?"

"Ndondocha!" khamu linayankha pamodzi.

Mwaona kupusa kwake? Anthu ankangokayikira kuti mwina mayiyu anakhwima. Yotamu, pofuna kudziyeretsa, anawapatsa umboni ndi pakamwa pake: kuti pashopupo pali wantchito wosaoneka amene amaitana imfa eni ake ali chigonere.

Nakwenda anazungulira n'kulowera pakakhomo ka kuseri. Yotamu anatsika pabenchi n'kumupatsa foni, thukuta lili kamukamu.

"Alamu, tiwaponyere foniyi aiphwanye, mitima yawo itsike. Kapena tinene kuti akuba a pa intaneti anatilowerera. Apo ayi tiyeni tidumphe mpanda, moyo ndi umodzi."

Nakwenda anawerenga uthengawo mpaka kumapeto, n'kuona kabokosi koyera kaja. Anachita manyazi amene sanawamvepo chibadwire, ndipo pamwamba pa manyaziwo panakwera mkwiyo.

"Yotamu, wandipha," anatero.

Akanatha kutuluka n'kuloza mlamu wakeyo. Chala chimodzi chikanakwana, ndipo Yotamu sakanaliona dzuwa likulowa. Akanathanso kuponya foni ija kunja kwa mpanda kuti anthu akhutitsire mkwiyo wawo pa galasi ndi pulasitiki. Njira zonsezi zinali zotseguka, ndipo ambiri a ife tikanasankha imodzi mwa izo. Iye anamanganso chitenje chake, anachotsa loko, n'kutsegula geti lonse kuti bwankhu.

Anthu anabwerera m'mbuyo pang'ono, poti sanayembekeze zimenezo.

"A Mangulenje ali kuti?" Nakwenda anafunsa.

Bambowo anali kumbuyo kwenikweni kwa khamulo. Anzawo a kabaza ndi amene anawakoka kuchipatala kuti adzaone chilungamo chikuchitika, koma iwo anangoima poteropo, foni ili m'manja. Nakwenda anadutsa pakati pa anthu a miyala aja osayang'ana kumanja kapena kumanzere, mpaka anaima pamaso pawo.

"Bambo," anatero mokweza kuti onse amve, "uthenga umenewo watuluka pageti panga, m'dzina langa. Ndi wanga. Pano palibe ndondocha, ndipo sindikuuzani kuti alakwa ndi makina. Galu akaluma mlendo sitimuzenga mlandu galuyo, timafunsa mwini wake amene sanamumange. Mwini wake ndine. Ndakulasani pamene panali kale bala. Ndikudziwa kuti pepani sapoletsa chilonda, komabe pepani."

"Bweretsa foniyo tiiwotche!" anakuwa wa chigubu uja. "Chipse chinthu chakocho!"

Nakwenda anatembenuka, foni ataigwira pachifuwa.

"Ayi. Foniyi simuiwotcha. Mukaiwotcha mupita kwanu mukuti mfiti yapsa, mlandu watha, ine n'kutsala woyera. Sindikufuna kuyera mwabodza. Mlandu wa bambo awa uli ndi nkhope, ndipo nkhope yake ndi ino. Amene dzanja likumuyabwa, ndili pano."

Panalibe anaponya. Mwala umauluka mosavuta ukamatsata msana wa munthu wothawa, koma munthu akakuyang'ana m'maso dzanja limalemera.

Kenaka mayiyo anatembenukiranso kwa a Mangulenje.

"Kuyambira lero mpaka mwana wanu atatuluka m'chipatala, nyundo siilira pano. Sindigulitsa bokosi kwa munthu aliyense, kuti pasapezeke wonena kuti ndikudikira kudyerapo. Ndipo sindithawa. Ndizikhala pageti pano tsiku lililonse. Mukandifuna, mundipeza."

A Mangulenje anabweza foni yawo m'thumba.

"Ndikubwerera kwa mwana," anatero, n'kutembenuka kumapita.

Mwini mlandu akachoka, khamu limatha mphamvu. Anthu anayamba kubalalika, wina n'kugenda mwala padenga la malata kuti asapite chabe. Koma wa chigubu uja anasiya mawu, ndipo onse anawamva.

"Mwanayo akangotisiya, tibweranso. Tsiku limenelo tidzawotcha shopu ndi mwini wake yemwe."

Nakwenda anakhoma shopu n'kutulutsa kampando pageti. Anakhala pamenepo, dzuwa likumuwomba, fumbi la magalimoto likumuthira. Anatenga foni ija n'kuyamba kuimbira mmodzimmodzi anthu onse amene analandira mauthenga a Kalaliki, kuwapepesa ndi pakamwa pake. Ena anamutukwana mpaka kumutchula mayi ake. Ena anangodula. Iye sananene ngakhale kamodzi kuti si ine.

Yotamu anati akukaona munda kumudzi, ndipo mpaka lero akuuonabe. Amisiri anakalowa ntchito m'mashopu oyandikana nawo, amene eni ake ankabisa chimwemwe chawo movutikira. Abale a Nakwenda anabwera kudzamuchonderera kuti athawire kwawo zinthu zisanaipe.

"Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima," iye anawayankha. "Chinthuchi ndinachilandira ndekha chikundipindulira. Lero chandilakwira ndiye ndithawe? Ndikachoka pampando pano ndiye kuti ndavomera kuti ndine mfiti."

Musaganize kuti analibe mantha. Anali nawo ndithu. Chimene chinkamupweteka koposa n'chakuti sakanatha kupita kukamuona mwanayo, ngakhale kutumiza phala, poti wa mabokosi salowa m'wodi. Ankangoyang'ana denga la chipatala kumtunda kuja n'kumapemphera. Pa boma lonselo panalibe munthu amene anapempherera Mwandida ngati Nakwenda, ndipo sindinena kuti chinali chikondi chokha. Moyo wake womwe unali utagona pabedi lomwelo.

Ndikuona m'maso mwanu kuti mukufuna ndinene kuti mwanayo anachira. Sindinena, chifukwa sizinatero. M'mawa wina malungo anakwera kumutu, ndipo Mwandida anamwalira.

Kulira kunamveka kuchokera kumtunda. Nakwenda anakumva ali pampando wake, ndipo sanadzuke. Posakhalitsa msewu unayambanso kudzaza. Akabaza anaimika njinga zawo. Amayi a mumsika anasiya malonda. Chigubu chija chinabweranso. Koma panalibe anayamba kanthu, onse ankadikira mwini maliro kuti anene mawu amodzi okha.

Ndipo anawaona a Mangulenje akutsika msewu wa kuchipatala, wapansi, okha. M'manja ananyamula bango. Mukudziwa mmene timachitira kwathu kuno: munthu akamwalira timamuyeza ndi bango kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kulidula, n'kupita nalo kwa mmisiri. Bango la a Mangulenje linali lalifupi. Amayi ataliona kufupika kwake anayamba kulira.

Anafika pa shopu yoyamba ya mabokosi. Mwini wake anali ataimirira kale pakhomo, manja kumbuyo, nkhope ya chisoni itakonzedwa bwino. A Mangulenje anadutsa. Anafika pa yachiwiri, anadutsanso. Khamu linawapatukira, ndipo anadzaima pamaso pa mayi uja anali pakampando. Anawerama n'kuika bango lija pansi, pafupi ndi mapazi ake.

Nakwenda anaimirira.

"Pepani, bambo," anatero.

"Tsegulani, mayi."

Wa chigubu uja anayandikira, wosakhulupirira zimene akumva.

"Achimwene, mwazungulira mutu? Mfiti yomweyi?"

A Mangulenje anatembenukira anzawowo, ndipo anthu anamva kwa nthawi yoyamba munthu wofatsayo akukweza mawu.

"Mwana wanga wafa ndi malungo. Ndinali pomwepo, ndamutseka maso ndi dzanja langali. Amene akufuna kuwotcha munthu akapeze maliro ake, asawotchere pa mwana wanga."

Kenaka anatsitsa mawu n'kulankhula ndi Nakwenda.

"Chiyambire matenda a mkazi wanga, aliyense amene ndamufunsa kanthu amandilozera kwina. Uyu akuti si ine, ndi malamulo. Uyo akuti si ine, ndi kompyuta. Inu munandilasa kuposa onsewo, zimenezo sindibisa, ndipo sindidzaiwala. Koma inu nokha ndi amene munati ndine, n'kukhala pamene munati mukhala. Mwana wanga ndimupereka m'manja mwa munthu amene ndikudziwa pomupeza."

Nakwenda anatola bango lija ndi manja awiri n'kutsegula shopu. Mabokosi okhomakhoma analipo, koma sanakhudze ngakhale limodzi. Anasankha thabwa latsopano pa amene anabwera nawo kumapiri aja, analiyeza ndi bangolo, n'kuyamba kucheka. Amisiri kunalibe, ndiye akabaza awiri anataya miyala yawo n'kulowa kudzamugwirira thabwa. Wa chigubu uja anachiika pansi pa mtengo, kenaka anachinyamula mwakachetechete n'kupita nacho. Nyundo inaliranso pashopupo, ndipo anthu anaimvetsera ali chete.

Bokosi litatha, a Mangulenje anapisa dzanja m'thumba. Apa Nakwenda anawayandikira. Munthu aliyense wamtima akanachita chimene iye anafuna kuchita: kugwira dzanja la bambo wosauka uja n'kunena kuti siyani, tengani, ndi chipepeso changa. Anatsegula pakamwa kuti atero. Koma anadziletsa. Anakumbukira kuti bokosi la mwana laulere ndi lomwe lija Kalaliki analonjeza. Akanalipereka chabe, uthenga uja ukanakwaniritsidwa mpaka kumapeto. Makina anali atamulanda ngakhale ufulu wochita chifundo.

A Mangulenje anaona zimene zinali pankhope pake.

"Musayerekeze, mayi," anatero. "Laulere lija ndinalikana. Ili ndigula."

Nakwenda analandira ndalamazo ndi manja awiri, misozi ikugwera pa utuchi. Bambowo ananyamula kabokosiko n'kukamangirira pa kabaza ya mnzawo. Potuluka pageti, mayiyo anaimirira chilili mpaka anazimiririka, ndipo sanawauze kuti adzabwerenso.

Shopu ija ilipo mpaka pano. Inatenga nthawi kuti anthu ayambenso kulowa, ndipo ena sanabwererenso. Kalaliki nayenso alipo. Akulembabe mbiri za malemu, akujambulabe ziliza, akuyankhabe a ku Joni. Nakwenda sanamutaye, ngakhale ambiri anamuuza kuti amutaye. Koma palibe liwu lake limene limatuluka pageti lisanadutse m'maso mwa mwini geti.

Tsono inu anzanga a malonda, amene mwakhala pano mafoni ali m'manja, tamverani. Akubwera kwa inu anthu a mitundu iwiri. Ena akukuopsezani kuti zinthu zimenezi n'zausatana, muzithawe. Ena akukuopsezani kuti mukapanda kuzimasula kuti zizilankhula zokha m'dzina lanu, mutsalira m'mbuyo. Onsewo akaneni. Mutengeni Kalaliki, mugwiritseni ntchito mpaka atope, ngati amatopa n'komwe. Asatinamize munthu kuti ife ndi a makasu okha. Koma ntchito iliyonse ili ndi mawu ake osanenedwa. Inu wogulitsa mankhwala muli nawo, inu wosoka madiresi a ukwati muli nawo, inu wa sukulu ya mkaka muli nawo. Mawu amenewo munawaphunzira pamaliro, pamilandu ndi pamanyazi, ndipo Kalaliki kumeneko kunalibe. Musamupatse makiyi a pageti.

Ndipo tsiku limene adzalakwe, pakuti adzalakwa ndithu, ndisadzamve mmodzi wa inu atakwera pabenchi akukuwa kuti ndi makina. Phindu lake munadya ndinu, mlandu wakenso ndi wanu. Munthu wobwera ndi bango m'manja safuna kulankhula ndi foni. Amafuna munthu woti amuyang'ane m'maso. Akadzafika pageti panu, adzakupezani?